Zaka zoposa 30 za misonkhano, kodi mpweya wotenthetsa dziko unachepa?

Mayi_wa_Atatu:
Abale anga, ndili ndi funso lomwe likundisowetsa mtendere. Mwana wanga woyamba anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe za kusintha kwa nyengo, ndiye ndinakhala naye pansi kuti ndimuthandize. Tinapeza kuti mayiko anasaina mgwirizano woyamba ku Rio de Janeiro mu 1992, wina ku Kyoto mu 1997, winanso ku Paris mu 2015, ndipo pafupifupi chaka chilichonse akuluakulu amakumana pamsonkhano womwe amautcha COP. Mwanayo anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndiye mpweyawo unachepa?" Ndinangoti kakasi. Zomwe tinawerenga zikuti mu 1990 dziko lonse linkatulutsa matani pafupifupi 23 biliyoni a carbon dioxide pachaka kuchokera ku malasha, mafuta ndi gasi, koma pano zakwera kufika pa matani pafupifupi 37 biliyoni. Ndiye ndikufunseni inu odziwa: alipo boma lomwe lachitadi kanthu kogwirika, kapena ana athuwa tikuwaphunzitsa mayina a mizinda yochitikira misonkhano basi?

Chiphaliwali:
Mwanayo wafunsa funso lomwe atsogoleri amalithawa. Yankho ndi lakuti ayi, sunachepe. Muuzeni choonadi.

Aphunzitsi_Opuma:
Mayi, musanafike pa za maboma, mwanayo ayambe wamvetsa chomwe chikuchitika kumwambaku. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo kutenthako kumafuna kubwerera kumlengalenga. Mipweya ina, monga carbon dioxide ndi methane, imagwirako kutentha kwina ngati mmene bulangeti limachitira. Bulangetilo palokha si loipa ayi. Likanakhala kuti kulibe, dziko likanazizira mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo sitikanakhalapo. Vuto ndi lakuti tikungowonjezera mabulangeti pamwamba pa munthu yemwe wayamba kale thukuta.

Mafakitale asanayambe, mumpweya munali timagawo 280 ta carbon dioxide pa timagawo 1 miliyoni. Charles Keeling atayamba kuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 anapeza pafupifupi 315. Lero tadutsa 420. Nkhaniyi si yatsopanonso: Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengetsera kale mu 1896 kuti mpweya umenewu ukachuluka dziko lidzatentha.

Kadzidzi:
Aphunzitsi, ndikupatsani ulemu wanu, koma ine ndimakayikabe. Chilala chinaliko makolo athu asanaone n'komwe galimoto. Madzi ankasefukira kalekale. Nanga mapiri ophulika aja satulutsa utsi woposa wathu? Bwanji chilichonse masiku ano chikungonamiziridwa kusintha kwa nyengo?

Aphunzitsi_Opuma:
A Kadzidzi, kukayika si mlandu, ndipo mwanena zoona kuti nyengo yakhala ikusintha kuyambira kale. Chosiyana ndi liwiro. Akatswiri anaboola madzi oundana a ku Antarctica n'kutulutsamo timathovu ta mpweya wakale tomwe tinatsekeredwamo. Pa zaka 800,000 zapitazo carbon dioxide sankapitirira timagawo 300. Ife tamufikitsa pa 420 m'zaka zosakwana 200. Za mapiri ophulikazo anaziyezanso: zochita za anthu zimatulutsa mpweyawu kuchulukitsa pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi mapiri onse pamodzi. Palibe akunena kuti chilala chinayamba dzulo. Tikunena kuti chikubwera pafupipafupi ndipo chikabwera chimapeza nthaka yotentha kale.

Makaniko77:
Ndiloleni ndiikepo ya kugalaja. Ine ndagwira mainjini zaka zambiri, koma tsiku lomwe ndinamva kuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a carbon dioxide ndinatsutsa mpaka kukwiya. Ndinati, lita ya petulo ndimainyamula ndekha, siifika n'komwe kilogalamu imodzi, ndiye utsi wake ulemere bwanji kuposa mwini wake? Mnyamata yemwe ndinkamuphunzitsa ntchito ndi amene anandimasulira. Anati, bwana, injini simeza mafuta okha, imakokanso mpweya kudzera mu fyuluta ija timaipukuta tsiku ndi tsiku. Kaboni wa m'mafuta amagwirana ndi okosijeni wa mumpweya, ndiye cholemeracho chimachokera kumeneko. Ndinakhala chete. Thanki ya malita 50 ndiye kuti ndi makilogalamu 115, kulemera kuposa munthu wamkulu, koma osaoneka ndi maso. Dizilo ndiye amaposa pamenepo, pafupifupi 2.7 pa lita. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ikangoima injini ikulira popanda chifukwa, mtima umandipweteka, ndimapita kukazimitsa.

Kadzidzi:
Koma utsi wa galimoto yabwino suoneka n'komwe, achimwene.

Makaniko77:
Ndiye vuto lakelo. Utsi wakuda uja ndi wa injini yodwala, timaukonza. Carbon dioxide alibe mtundu, alibe fungo, ndipo injini yatsopano yochokera kufakitale imamutulutsa ndithu. Palibe sipanala yomwe ingachotse zimenezo.

Mlimi_Wakale:
Ine za timagawo sindizidziwa bwino, koma munda ndimaudziwa. Ndayamba kulima ndili mnyamata, pano ndili ndi zidzukulu. Kale mvula yoyamba ikagwa tinkadziwa kuti tikadzala zimera. Zaka zapitazi ndadzalapo katatu m'nyengo imodzi. Imagwa bwinobwino, mbewu n'kumera, masamba awiri atangotuluka kumwamba kumayera mbee kwa masabata atatu. Ukapita kumunda masana umapeza timbewu tapota masamba ngati chingwe, ukakumba ndi chala dothi likutentha. Ndiye ikati ibwere, imagwa usiku umodzi mvula yomwe imayenera kugwa mwezi wonse, mizere yonse n'kukokoloka. M'mawa umangopeza mchenga pomwe panali nthaka yako yabwino. A Kadzidzi, chilala ndinachionapo ndili mwana, inde, koma izi za masiku ano ndi zina. Mvula yasiya kudalirika.

Aphunzitsi_Opuma:
Bambo, zomwe mwaona m'mundamo zili ndi chifukwa chake. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti. Ndiye umayamwa madzi ambiri m'nthaka nthawi ya ng'amba, kenako n'kudzawakhuthula onse pakamodzi. Bungwe la zanyengo la WMO linati chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zaka zonse chiyambire kuyeza, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa mmene zinalili mafakitale asanachuluke.

Chiphaliwali:
Ndiye apa ndi pomwe magazi anga amawira. Bambo awa akudzala katatu, atulutsa mpweya wochuluka bwanji moyo wawo wonse? Africa yonse, anthu oposa 1.4 biliyoni, imatulutsa zosakwana 4 peresenti za carbon dioxide wa dziko lonse. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14 pachaka, pomwe m'mayiko osaukitsitsa munthu safika ngakhale theka la tani. Koma namondwe Idai mu 2019 anagwetsa mzinda wa Beira n'kupha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Freddy mu 2023 anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wodziwika yemwe anakhalitsa chonchi, ndipo anakwirira midzi ndi matope. Ku Pakistan mu 2022 madzi anakhudza anthu 33 miliyoni, oposa 1,700 anafa.

Nanga olemerawo anachitapo chiyani? Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Anakwanitsa mochedwa, mu 2022, ndipo gawo lalikulu linali ngongole. Munthu wakuotchera nyumba, kenako akukukongoza ndalama yomangira ina! Thumba lolipirira zowonongeka anavomera ku Sharm el-Sheikh mu 2022 patatha zaka pafupifupi 30 mayiko a pazilumba akulipempha. Ku Dubai mu 2023 malonjezo oyamba anangokwana madola pafupifupi 700 miliyoni, pomwe Pakistan yokha inataya pafupifupi 30 biliyoni pa chigumula chimodzi. Mayi_wa_Atatu, izi mwana wanu alembe.

Dziwe_Lakuya:
A Chiphaliwali, zonse mwanenazi ndi zoona ndipo mkwiyo wanu ndi womveka. Koma mayiwa afunsa ngati pali boma lomwe lachita kanthu kogwirika, ndipo tikayankha kuti palibe, tikhala titanama mbali inayo.

Tengani Britain. Ndi kumene mafakitale oyendera malasha anayambira. Mu 2012 pafupifupi 40 peresenti ya magetsi awo inkachokera ku malasha. Pa 30 September 2024 anatseka siteshoni yawo yomaliza ya malasha, Ratcliffe-on-Soar. Sizinachitike chifukwa choti anthu anasintha mitima. Mu 2008 anakhazikitsa lamulo lokakamiza boma lililonse lomwe lingalowe kuti lizichepetsa mpweya, ndipo anaika mtengo pa kaboni moti kuotcha malasha kunasiya kupindulitsa. Sweden inayamba msonkho wa kaboni mu 1991, chuma chake chinakulabe uku mpweya ukutsika. Ku Brazil, boma litayamba kugwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi kulanga odula mitengo, kuwononga nkhalango ya Amazon kunatsika ndi pafupifupi 80 peresenti pakati pa 2004 ndi 2012. Boma lina litalekerera kunakweranso, ndipo kuyambira 2023 kwayambanso kutsika. Pamenepo mukuona nokha kuti yemwe wakhala pampando ali ndi mbali yaikulu.

Chomwe ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse ndi sola. Germany inapanga lamulo mu 2000 loti aliyense wopanga magetsi a dzuwa kapena a mphepo aziwagulitsa pamtengo wotsimikizika. Anthu anagula mapanelo ambiri, China inamanga mafakitale akuluakulu, ndipo pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa magetsi a dzuwa unagwa ndi pafupifupi 85 peresenti. Lero munthu amagula sola osati chifukwa chokonda chilengedwe, koma chifukwa ndi yotsika mtengo. Lamulo la dziko limodzi linatsitsira mtengo dziko lonse.

Pangano la Paris lisanabwere, akatswiri ankati tikulowera ku madigiri pafupifupi 4 pofika 2100. Ndi malamulo omwe alipo pano akuti pakati pa 2.5 ndi 3. Ndi zoopsabe kwambiri, kutali ndi 1.5 yomwe analonjeza. Koma kusiyana kwa 4 ndi 2.7 ndi miyoyo ya anthu osawerengeka.

Chiphaliwali:
Britain inatseka malasha, inde, koma katundu amene amagwiritsa ntchito akupangidwa kuti? Anangosamutsira utsi wawo ku China.

Dziwe_Lakuya:
Mbali ina ndi zoona, ndipo mukawerengera katundu wolowa kutsika kwawo kumachepa. Komabe kumakhalapo ndithu. Magetsi oyatsira nyumba za ku London sachokera ku China.

Tsabola_Wofiira:
Bwanji nonse mukuiopa China kuitchula bwinobwino? Ndi imene ikutulutsa pafupifupi 30 peresenti ya carbon dioxide yense pano, ndipo ikumangabe masiteshoni a malasha. Mukangoti azungu azungu, mukusiya njovu pabwalo.

Dziwe_Lakuya:
Palibe akuiopa, achemwali. China ndi yoyamba pa kutulutsa lero, America ndi yoyamba mukaphatikiza zonse kuyambira kale, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zonse ziwiri ndi zofunika chifukwa carbon dioxide amakhala kumwamba zaka mazanamazana, wa agogo awo akadali komweko. China yomweyo mu 2023 inaika sola yochuluka kuposa mayiko ena onse kuphatikiza pamodzi. Mtsogoleri wa China, Xi Jinping, analonjeza mu 2020 kuti mpweya wawo udzasiya kukwera chisanafike 2030 ndipo adzafika pa ziro chisanafike 2060. India inati 2070. Tiwayeze ndi zochita zawo.

Tsabola_Wofiira:
Nanga America? Inasaina Kyoto koma osaivomereza. Paris inalowa, Trump anaitulutsa, Biden anaibwezera mu 2021, Trump anasainanso zotuluka mu January 2025. Pangano lomwe munthu amalowa ndi kutuluka mmene wafunira lingamange ndani?

Aphunzitsi_Opuma:
Pamenepo mwakhudza chilonda chenicheni. Pangano la Paris limalola dziko lililonse kudziikira lokha mlingo wake, n'kumaukonzanso zaka zisanu zilizonse. Palibe chilango kwa wolephera. Analipanga choncho dala, chifukwa Kyoto yomwe inkakakamiza mayiko olemera okha inathawidwa, Canada inachita kutulukamo mu 2011. Anasankha pangano lofewa lomwe onse alowemo kusiyana ndi lolimba lopanda anthu. Kaya anasankha bwino, ine mpaka lero mtima wanga uli pawiri.

Gologolo_22:
Pepani kulowerera, nanga bowo lija la ozone tinkaphunzira kusukulu linathera kuti? Si lomwelo likulowetsa dzuwa lambiri?

Aphunzitsi_Opuma:
Ndi nkhani ziwiri zosiyana, mwanawe, ngakhale ambiri amazisakaniza. Ozone amatiteteza ku cheza cha dzuwa chomwe chimawononga khungu. Ankawonongedwa ndi mipweya ya CFC ya m'mafiriji ndi m'mabotolo opopera. Mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti aisiye, mayiko onse analowamo, ndipo bowolo likutsekeka pang'onopang'ono. Akuti pamwamba pa Antarctica lidzabwerera mwakale cha m'ma 2066.

Wokonza_Mafiriji:
Apa ndiye mwafika pantchito yanga. Titasiya gasi wa R12, yemwe ndi CFC, tinayamba kuthira wa R134a. Sawononga ozone, koma kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko ngati makilogalamu oposa 1,400 a carbon dioxide. Ndikuuzeni zoona, pomwe ndinkaphunzira ntchito tinkangodula paipi, gasi n'kumalira kuti psiii mpaka kutha, ife tikucheza. Palibe anatiuza kuti tikulakwa. Pano ndili ndi makina okokera gasi m'silinda, ndipo mafiriji atsopano ambiri akubwera ndi R600a yemwe satenthetsa kwenikweni, kungoti amayaka moto ndiye pofunika kusamala ndi zowotcherera. Kusinthaku kunalimbikitsidwa ndi zomwe anagwirizana ku Kigali mu 2016. Ine pangano limenelo ndimaliona ndi maso pa kompuresa iliyonse yomwe ndatsegula.

Gologolo_22:
Akulu, ndiye firiji yanga ikumangolira osaziziritsa, ndi gasi ameneyo?

Wokonza_Mafiriji:
Mwina gasi wathawa, mwina kompuresa yatopa. Gwirani kumbuyo kuli mapaipi akuda aja, ngati sakutentha ngakhale pang'ono n'kutheka kuti gasi mulibe. Musalole munthu angothira wina asanapeze pobooka.

Woyang'anira_Gulu:
Za firiji ya a Gologolo mukambirane kumbali, abale. Tibwerere ku funso la mayi aja.

Chiphaliwali:
Komatu zathandiza. Ngati anatha kugwirizana ku Montreal, chikuwakanika n'chiyani pa malasha ndi mafuta?

Dziwe_Lakuya:
CFC ankapangidwa ndi makampani owerengeka ndipo cholowa m'malo chinapezeka msanga. Malasha, mafuta ndi gasi ndiye msana wa chuma chonse: magetsi, maulendo, zitsulo, feteleza. Simenti yokha imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya carbon dioxide, ndipo wambiri amachokera m'mwala wa laimu womwewo ukamaotchedwa, osati m'moto wokha. Pali mayiko omwe bajeti yawo yonse imadalira kugulitsa mafuta. Tangoganizani, zinatenga misonkhano 28 kuti chikalata chomaliza, ku Dubai mu 2023, chinene poyera zoti dziko lichoke ku mafuta ndi malasha.

Mbusa_wa_Ng'ombe:
Ine chomwe chimandiwawa ndi kumva kuti ng'ombe zanga nazonso ndi zolakwa. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zokha, zomwe zimaphunzitsa ana anga, zifanane ndi ndege?

Aphunzitsi_Opuma:
Bambo, palibe wanzeru yemwe angaloze chala ng'ombe zanu zisanu ndi ziwiri. Zoona zake n'zakuti ng'ombe ikamabzikula imageya methane, ndipo padziko pali ng'ombe zoposa biliyoni imodzi. Methane amatenthetsa kuchulukitsa pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide pa zaka 20 zoyambirira, koma amatha msanga, zaka pafupifupi 12. N'chifukwa chake kumuchepetsa kumathandiza mwachangu. Ku Glasgow mu 2021 mayiko oposa 100 analonjeza kumuchepetsa ndi 30 peresenti pofika 2030. Poyambira posavuta si pakhola lanu ayi, ndi pamapaipi a gasi omwe akudontha, pamigodi ya malasha ndi pamalo otayira zinyalala. Pa ziweto maboma akuyenda mosamala: New Zealand inafuna kuika msonkho koma inausiya mu 2024 alimi atakana, pomwe Denmark yagwirizana zoyamba mu 2030.

Mbusa_wa_Ng'ombe:
Ayambe atseka mapaipi awowo, kenako tidzakambirane.

Tsabola_Wofiira:
Nkhani ya misonkhoyi isatengedwe mopepuka. France inakweza msonkho wa mafuta mu 2018 ponena kuti ikuteteza nyengo. Anthu akumidzi omwe alibe basi kapena sitima, omwe amadalira galimoto yakale kupita kuntchito, anavala majekete achikasu n'kutseka misewu mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Lamulo labwino papepala likapweteka wosauka poyamba, silikhalitsa. Ku South Africa magetsi ambiri amachokera ku malasha, ndipo mabanja ambirimbiri ku Mpumalanga amadya za mumgodi. Analonjezedwa madola 8.5 biliyoni mu 2021 kuti asinthe, koma zambiri ndi ngongole. Siteshoni ya malasha ya Komati inatsekedwa mu 2022. Munthu wa zaka 50 yemwe wakumba malasha moyo wake wonse mumuuza kuti apite kuti?

Dziwe_Lakuya:
Apa sinditsutsa ngakhale liwu limodzi. Ntchito yatsopano iyenera kufika yakale isanatsekedwe.

Namwali_wa_Mitengo:
Ine ndikufuna ndinene za kudzala mitengo, chifukwa ndi zomwe maboma ambiri amathamangira. Zaka zitatu zapitazo ndinathandiza nawo pamwambo wina wodzala mitengo. Kunabwera akuluakulu, makamera, tinapatsidwa malaya olembedwa mawu okoma. Tinadzala mbande mazana angapo tsiku limodzi, manja anga anachita matuza. Patatha miyezi inayi ndinabwererako ndekha. Ndinayenda mzere ndi mzere kuwerenga, ndinapeza yamoyo khumi ndi inayi. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina inauma, timapepala takuda ta mbande tili mbwee pamalopo. Palibe yemwe anapatsidwa udindo wothirira kapena kutchingira. Ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndikudziwa kuti m'malipoti analemba kuti mitengo yonse ija ilipo. Chaka chotsatira ndinadzala 20 yokha ndi ana a mchemwali wanga, uliwonse ndi mwini wake, ndipo 17 ikukula mpaka pano.

Mlimi_Wakale:
Mwachita bwino, mwanangu. Mtengo ndi mwana, sungobereka n'kuchoka. Ine ndinasiya kuzula zitsa m'munda, ndimangosadzira mphukira zake n'kusiya ziwiri zamphamvu. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale.

Aphunzitsi_Opuma:
Njira imeneyo, bambo, ndi yomwe alimi a ku Niger anabwezeretsera mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni kuyambira m'ma 1980. Koma tisadzinamize kuti mitengo ingameze matani 37 biliyoni chaka ndi chaka. Nkhalango ndi nyanja pamodzi zimameza pafupifupi theka la zomwe timatulutsa, theka linalo limatsala kumwamba. Ndipo nkhalango ikapsa, zonse zomwe inasunga zimabwerera.

Kadzidzi:
Ndawerenga zonse mwakachetechete. Za lita ya petulo ija ndi za madzi oundana zandigwira mtima, sindinama. Komabe funso langa latsala: dziko losauka lisiye kukumba malasha kapena gasi wake pomwe anzathu analemera nazo? Anthu pafupifupi 600 miliyoni mu Africa alibe magetsi.

Dziwe_Lakuya:
Ine sindingauze dziko lopanda magetsi kuti likhale mumdima. Oyenera kutsika msanga ndi omwe ali pamwamba. Koma onaninso kuti Kenya imapeza pafupifupi 90 peresenti ya magetsi ake ku nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, madzi ndi mphepo ya ku Turkana. Uruguay nayonso inadutsa 90 peresenti. Chomwe chimalepheretsa ambiri si kusowa dzuwa, ndi chiwongoladzanja. Sola imafuna ndalama zambiri poyamba, ndipo dziko losauka limakongola pa chiwongoladzanja chokwera kawiri kapena katatu kuposa la ku Ulaya. Ku Baku mu 2024 analonjeza madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, pomwe mayiko osauka ankapempha 1.3 thililiyoni. Nkhondo yeniyeni ili pamenepo.

Madzinso sangadaliridwe okha. Chilala cha 2024 chinachepetsa kwambiri madzi a m'damu la Kariba mpaka Zambia inkakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi.

Chiphaliwali:
Ine chiyembekezo changa chatsala kumakhoti. Ku Netherlands bungwe la Urgenda linasumira boma lawo, ndipo mu 2019 khoti lalikulu linalamula kuti boma lichepetse mpweya ndi 25 peresenti. Ophunzira a kuzilumba za Pacific anayambitsa nkhani yomwe Vanuatu inaitengera ku United Nations, ndipo mu July 2025 khoti la dziko lonse ku The Hague linanena kuti mayiko ali ndi udindo mwalamulo woteteza nyengo. Anthu amenewo nyanja ikuwalowera m'nyumba. Nduna ya ku Tuvalu, Simon Kofe, inachita kulankhula itaima m'madzi ofika m'mawondo mu 2021 kuti dziko lione. Nyanja yakwera kale ndi masentimita pafupifupi 20 kuyambira 1900.

Tsabola_Wofiira:
Chigamulo cha ku The Hague ndi uphungu chabe, sichimanga munthu.

Chiphaliwali:
Sichimanga, koma maloya m'mayiko onse ayamba kuchinyamula popita kukhoti kwawo. Dontho ndi dontho mtsuko umadzaza.

Mayi_wa_Atatu:
Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti muyankha chonchi. Usiku wathawu tinawerenga limodzi ndi mwana uja kuyambira pamwamba mpaka pansi. Walemba kuti mpweya sunachepe padziko lonse, koma unachepa m'malo momwe munaikidwa lamulo lenileni, ndipo waikamo Britain, Amazon ndi Montreal. Za ngongole zija a Chiphaliwali waziikanso, anachita kuzilemba mzere kunsi. Nkhani ya mbande ya a Namwali_wa_Mitengo inamukhudza kwambiri, wati akufuna mtengo wakewake woti aziuthirira. A Makaniko77, iye anawerengetsera kuti basi yomwe imamwa malita 40 a dizilo patsiku imatulutsa makilogalamu 108, wapeza bwino? Komanso a Wokonza_Mafiriji, ndili ndi firiji yakale yomwe inafa chaka chatha, anyamata ogula zitsulo akhala akuifuna. Ndiwapatse?

Makaniko77:
Wapeza bwino, mayi, 40 kuchulukitsa 2.7 ndi 108. Mumuuze agawenso ndi chiwerengero cha anthu omwe basiyo yanyamula tsiku lonse, kenako ayerekeze ndi galimoto yokwera munthu mmodzi.

Wokonza_Mafiriji:
Musawapatse kaye, mayi. Iwo amangothyola mapaipi kuti atenge kopa ndi kompuresa, gasi yense n'kuthawira kumwamba. Yang'anani kapepala komatidwa kumbuyo kapena pa kompuresa penipenipo, palembedwa mtundu wa gasi. Mukapeza R12 kapena R134a, itanani wokonza mafiriji yemwe ali ndi makina okokera, ndipo mumufunse kuti akuonetseni silinda yake asanayambe. Ndi ntchito yosakwana ola limodzi. Akamaliza, chitsulocho apatseni anyamatawo.